Udzu wa Daizu

Bambo Heizo Kurihara atasamukira kwa mwana wawo Noboru, anabwera ndi zinthu zochepa: masutikesi awiri, chithunzi cha malemu akazi awo, ndi kalulu wotuwa m'khola la waya. Kaluluyo dzina lake anali Daizu. Amene anam'gula anali malemuwo, ndipo zaka zonse ali moyo a Heizo ankangomutchula kuti "chinthu chakocho". Maliro atatha, chinthucho chinasanduka mnzawo wocheza naye.

Sachie, mkazi wa Noboru, anawakonzera chipinda cha pansi choyang'ana kumapiri. Chinali choyalidwa mphasa za tatami, ndipo sabata yoyamba yomwe Daizu anatafuna ngodya ya mphasa imodzi. Noboru ataona ananena kuti kale kwa agogo ake kalulu malo ake anali mumphika. Bambo ake sanaseke. Sachie anagula kapeti ya pulasitiki n'kuyala pansi pa khola, nkhani n'kuthera pomwepo.

Malemu anasiya lamulo la kadyedwe ka Daizu. Udzu wouma usamasowe m'khola usana ndi usiku. Masamba aawisi odzaza dzanja m'mawa. Mibulu ya chakudya cha akalulu ya kusitolo pang'ono madzulo. Karoti kapena apozi kachidutswa chabe, mwa apo ndi apo, ngati switi kwa mwana. A Heizo moyo wawo wonse ankayendetsa basi ndipo anali asanateleke ngakhale madzi a tiyi, koma lamulo ili ankalisunga ngati nthawi yonyamukira pasiteji. Udzuwo unkabwera pa galimoto yoperekera katundu, thumba lalikulu lofika m'chiuno. Poti m'chipindamo munalibe pena poliika, ankalikankhira m'kabati ya m'khoma, pansi pa shelefu yoikapo matiresi ndi zofunda.

Matiresiwo inali ntchito ya Sachie. M'mawa kupinda n'kuika m'kabati, dzuwa likawala kuyanika pa mpanda wa khonde n'kukuntha ndi kandodo, madzulo kutulutsa n'kuyala. Amayi ake ankatero kwa apongozi awo. Palibe anamuuza kuti azichita, ndipo palibe akanamuuza kuti asiye.

Sachie anayamba kuyetsemula mu Febuluwale, ndipo palibe anadabwa. Mwezi umenewo mikungudza ya m'mapiri a Gunma, m'dziko la Japan, imathira mungu tauni yonse. Magalimoto amacha ali achikasu, ndipo m'sitima theka la anthu limakhala likutuluka misozi kuseri kwa masiki.

"Takulandira ku mpingo wathu," anatero Noboru, amene vutoli anali nalo kuyambira ali kusekondale. "Zaka zonsezi umandiseka. Tsopano tizigawana mapepala ominira."

"Muzigula anu," anayankha Sachie. "Inu mphuno yanu imamaliza bokosi pa tsiku."

Epulo anatha, Meyi n'kutha. Noboru anavula masiki. Inafika mvula ya mu Juni imene imatsuka mpweya, anthu onse mumsewu n'kupuma bwino, koma Sachie ayi. Maso anafiira ngati wakhala mu utsi, ndipo akakwera masitepe chifuwa chinkalira ngati kamwana ka mphaka. Tsiku lake lopuma ku shopu yophika chakudya cha m'mabokosi komwe ankagwira ntchito, anapita kuchipatala nakatengedwa magazi. Atapitanso kukamva zotsatira, dokotala anamuuza kuti mikungudza ilibe mlandu. Thupi lake linkadana ndi udzu.

"Mumalima? Muli ndi ng'ombe, mahatchi?"

"Kalulu. Wa apongozi anga."

"Ndiye si ubweya wake ayi, ndi chakudya chakecho. Fumbi la udzu wouma. Mankhwala ndikupatsani, koma chifuwachi chikapitirira chidzasanduka mphumu. Njira yachidule ndi kuchotsa udzuwo m'nyumba."

Sachie anathokoza, natenga mankhwala, nabwerera kwawo. Ali m'galimoto anali ataganiza kale zochita. Noboru akangomva, kalulu apita tsiku lomwelo, chifukwa msuweni wake wa ku Numata anali ndi khola lopanda kanthu kuseri kwa nyumba. Ndipo a Heizo, amene patebulo mawu awo sankapitirira "zikomo" ndi "ndakhuta", m'chipinda mwawo ankamveka akufotokozera Daizu za masewera a pawailesi ndi za ulesi wa madalaivala a masiku ano. Kuchotsa kalulu kunali kuwatseka pakamwa. Komanso mkamwana amene wathamangitsa chiweto cha malemu chaka chisanathe, mbiri yake imayenda yokha.

"Wati chiyani dokotala?" anafunsa Noboru pa chakudya cha madzulo.

"Mikungudza."

"Mu Juni?"

"Akuti ina imachedwa."

"Mitengo yonse ya m'Japan muno yamaliza ntchito, yako yokha ndiye yaulesi," anatero Noboru, n'kutapa mpunga wina.

A Heizo anangoyang'ana m'mbale mwawo.

Kuyambira pamenepo Sachie ankalowa m'chipinda cha apongozi ake atavala masiki awiri. Kabati ankatsegula mbali ya matiresi yokha, kuponya zofunda osayang'ana pansi, kutseka, kutuluka. Khola sankaliyang'ana n'komwe. Patapita masiku anaona kuti kuyetsemula kwachepa ndipo chifuwa chaleka kulira. Anati mankhwala a masiku ano ndi amphamvu.

Lachisanu lina m'mawa, Noboru atapita kuntchito, belu la pakhomo linalira. Anali Mayi Tsukada a nyumba yachitatu, amene sabata imeneyo inali yawo yoyang'anira potayira zinyalala. Anali atavala jasi la mvula, akukoka thumba lalikulu lonyowa, lomatidwa kapepala kachikasu.

"Mayi Kurihara, katundu wanu uyu. Sanakwere."

"Wanga?"

"Anyamata a zinyalala alikana. Thumba si la khonsolo, dzina simunalembepo, ndipo lero si tsiku la udzu. Milandu itatu pa thumba limodzi! Ine ndinati mumsewu uno wodya udzu ndi mmodzi yekha, pokhapokha amuna anga akhale ayamba osandiuza."

Sachie anawerama kupepesa. Mphuno inali itayamba kale kuyabwa.

"Agogowo ndinawaona sabata yatha akulikokera kuseri kwa shedi yanu," anapitiriza Mayi Tsukada. "Ndinati mwina akuyanika pa mvula, poti nzeru za amuna sitizidziwa. Lero ndiye alibweretsa ali cheucheu ngati wakuba nkhuku. Kodi kalulu wafa? Mukanatiuza, tikanabwera kudzapepesa."

"Sanafe."

"Nanga akudya chiyani?"

Sachie anaweramanso, nasiya thumba pakhonde, nalunjika kuchipinda cha apongozi ake. Anagogoda kamodzi n'kukoka chitseko osadikira.

A Heizo anali atagwada pafupi ndi khola. Daizu anali atadzipinda pakona, maso atatsinzina theka, makutu atagona, akukukuta mano. M'mbale mwake munali phwando: karoti, apozi, mbatata yophika, kachidutswa ka buledi, ndi mulu wa mibulu. Zonse zinali zosakhudzidwa. Moika udzu munali mbee. Pakona pomwe ankachitira chimbudzi panali tindowe towerengeka, touma, tating'ono ngati mapira.

"Bambo, wadya liti?"

"Dzulo m'mawa. Pang'ono."

"Udzu munasiya kum'patsa liti?"

"Sabata yatha. Mwina kupitirira." Sanatembenuke. "Masiku oyamba ankakondwa. Apozi ankachita kulanda m'manja."

"Munasiyiranji?"

"A Sachie, mu Juni mikungudza siyetsemulitsa munthu. Inu mumayetsemula mukatsegula kabatiyo. Ndakalamba koma makutu alipo."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Nanga inu munanena?"

Sachie anaimbira foni kuntchito kuti sabwera, natulutsa dengu lonyamulira kalulu, nayalamo thawulo. "Valani nsapato, Bambo. Ambulera ili pakhomo."

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana wolankhula mosazungulira. Anagwira mimba ya Daizu, namvetsera ndi chomvera chake nthawi yaitali, nam'yang'ana m'kamwa.

"Matumbo aima. Mumam'patsa chiyani?"

A Heizo anatchula zonse, chimodzichimodzi, ngati mwana wasukulu wogwidwa.

"Buledi?" anatero dokotalayo. "Agogo, ameneyu si mdzukulu wanu. Mimba ya kalulu imayenda ndi udzu. Udzu ukasowa, zonse zimaima, mpweya n'kudzaza, ndipo ululu ukam'gwira amaleka kudya n'kumangodikira imfa. Manonso amakula osalekeza, chowaperesa ndi udzu womwewo. Karoti ndi zoseweretsa chabe."

"Palibe china choti n'kulowa m'malo mwake?" anafunsa a Heizo. "M'nyumba mwathu muli munthu amene udzu umamudwalitsa."

Dokotala anayang'ana Sachie, maso ofiira pamwamba pa masiki, n'kumvetsa. "Cholowa m'malo palibe. Ulipo udzu wa mtundu wina wochepa fumbi, ena umawapeputsira, ena ayi. Yesani. Muzisungira panja m'chigoba chotseka, muzikuntha fumbi panja pomwepo, m'nyumba muzingolowa wa tsiku limenelo. Wodwalayo asamaugwire, asamasese m'chipindamo. Ambiri amakhala nawo akalulu motero. Ena zimawakanika, n'kupereka kalulu kwa anzawo."

Anam'baya Daizu jekeseni yoletsa ululu ndi ina yoyendetsa matumbo, nam'thira madzi pansi pa khungu. Kenaka anawapatsa paketi ya ufa wobiriwira woti azisungunula ngati phala n'kumam'mwetsa ndi sirinji yopanda singano.

"Pang'onopang'ono, cham'mbali mwa kamwa, maola angapo alionse. Chimene tikudikira ndi chimbudzi. Akapanda kuchita pofika mawa m'mawa mubwere naye, koma musabwere ndi chiyembekezo chambiri."

Pobwerera anaima pasitolo ya ziweto n'kugula kathumba ka udzu watsopanowo. Anakaika kumbuyo kwa galimoto, komabe Sachie anayetsemula njira yonse. Akayetsemula, a Heizo ankati "pepani". Atafika pa loboti yachitatu Sachie anawapempha kuti asiye, akumusokoneza kuyendetsa.

Noboru anafika madzulo nkhani ataimva kale. Mayi Tsukada anali atam'peza pageti.

"Msewu wonse ukudziwa kuti kwa Kurihara amataya zinyalala ngati alendo," anatero akukhala patebulo. "Ine ndekha mwini nyumba ndiye womaliza kumva. Tandiuzani."

Sachie anafotokoza mwachidule, akugawa nsomba ndi msuzi wa soya wotchedwa miso. Sanabise za dokotala wake. Noboru anaika timitengo todyera pansi.

"Mphumu? Iwe wauzidwa za mphumu n'kubwera kuno kudzandinamiza za mikungudza yaulesi?"

"Yaulesi munanena ndinu."

"Usandiseweretse, Sachie. Ndiye inunso, Bambo, mwaona munthu akudwala, m'malo mondiuza mukukabisa thumba kuseri kwa shedi? M'nyumba muno muli akuluakulu atatu kapena ana a mkaka?"

A Heizo anali asanakhudze chakudya. Anaika manja pa maondo. "Wanena zoona. Akachira, ukam'siye ku Numata. Akapanda kuchira, nkhani yatha yokha. Ine ndinabwera kudzasungidwa, sindinabwere kudzadwalitsa anthu."

"Basi, zatha," anatero Noboru. "Ndiimba foni mawa."

"Musaimbe," anatero Sachie.

"Thanzi la munthu ndi kalulu, chachikulu n'chiyani?"

"Mphuno ndi yanga. Mundisiye ndiilankhulire ndekha." Anakhala pansi n'kudzithirira tiyi. "Ku Numata kuli agalu awiri ndi khola lodontha. Sakatha mwezi. Ndipo Bambo akakhala chete m'chipindamo tsiku lonse, wowaona ndine, inu muli kuntchito. Inuyo mungu wa mikungudza mwaupirira kuyambira muli mnyamata, sindinakuoneni mutatenga nkhwangwa kukagwetsa phiri."

"Phiri silitafuna mphasa zanga."

"Mphasa imodzi. Tamverani. Mawa mukagule chigoba chachikulu chokhala ndi chivundikiro, chikakhale mu shedi. Udzu ukabwera, wonyamula ndinu. M'kabati muja mukapukute ndi nsalu yonyowa, zofunda zonse zikachapidwe." Anatembenukira kwa apongozi ake. "Bambo, inu ndiye muli ndi ntchito yambiri. Ine m'chipinda mwanu sindidzalowanso. Matiresi muzipinda nokha, muziyanika nokha, muzisesa nokha. Chitseko chizikhala chotseka, zenera lotsegula. Juzi imene mwavala pogwira udzu isamafike patebulo pano, ndipo muzisamba m'manja mpaka m'zigongono."

Zimenezi kunena kwa apongozi aamuna si zapafupi, ndipo Noboru anayang'ana bambo ake kuti aone ngati akhumudwa.

"Matiresi sindinapindepo," anatero a Heizo.

"Amapindidwa patatu. Si basi."

"Anthu adzati chiyani akandiona ndikuyanika zofunda, mkamwana alipo?"

"Adzanena kwa sabata imodzi. Za thumba lija akunena kale."

Noboru anapukusa mutu. "Chifuwa chikangoliranso, kalulu wapita. Sindidzafunsa munthu."

"Chikalira ndidzanena."

"Ngati momwe unanenera ulendo uno?"

"Ndati ndidzanena. Idyani, nsomba ikuzizira. Ndipo tikukangana za kalulu amene mwina safika mawa. Mukatha kudya mukawagwirire Bambo kaluluyo pom'mwetsa. Masana phala lambiri lathera pa malaya."

Noboru anadandaula kuti sanaphunzire sukulu kuti adzakhale namwino wa ndiwo, koma anapita. Sachie anatuluka panja ndi ambulera n'kukaima pazenera la chipindacho, akulangiza. Anati am'kulunge Daizu m'thawulo ngati khanda, miyendo yakumbuyo ikhale mkati. Noboru anakulunga mosasamala, Daizu n'kutulutsa mwendo umodzi n'kumukanda padzanja.

"Aa! Wodwala wake ndi ameneyu? Mphamvu zonsezi?"

"Usam'finye, iwe," anatero a Heizo. "Gwira ngati munthu."

"Ndikugwira ngati munthu. Iyeyu ndiye sakundigwira ngati munthu."

"Cham'mbali, Bambo," anatero Sachie pazenera. "Kuseri kwa mano akutsogolo. Pang'ono. Dikirani ameze."

Daizu analavula koyamba ndi kachiwiri. Kachitatu anatafuna monyinyirika n'kumeza. Anam'mwetsa theka la sirinji, kenaka a Heizo anam'sisita mimba ndi zala ziwiri monga anawasonyezera dokotala, akumuuza motsitsa mawu kuti zonsezi wadziputira yekha ndi dyera lake la apozi. Anam'bwezera m'khola, namuikira udzu watsopano pafupi ndi mphuno. Anaununkhiza n'kutembenukira kukhoma.

"Wakana," anatero Noboru.

"Ndaona," anatero bambo ake.

Sachie anakagona nthawi yake ya masiku onse. Zoti achite zinali zitachitika, ndipo kukhala maso sikuyendetsa matumbo a kalulu.

Kutacha anadzuka kukaphika. Mvula inali italeka. Anatsuka mpunga, nateleka msuzi, nayamba kudula tofu, chigumu chofewa cha soya. Dengu lonyamulira kalulu anali ataliika kale pakhomo pamodzi ndi makiyi a galimoto, kuti akafuna kubwerera kwa dokotala asachedwe ndi kufunafuna.

Kunamveka kugogoda pa chitseko cha kukhitchini, chotulukira kuseri. Atatsegula anapeza a Heizo ataima panja. Anali atazungulira nyumba kuti asadutse m'kati ndi zovala za udzu. Juzi anali atavula, atatsala ndi malaya amkati okha, tsitsi lili nyankhalala. M'manja anagwira chowolera zinyalala, mosamala ngati thireyi ya tiyi wa alendo.

"A Sachie, taonani."

Pa chowoleracho panali ndowe zodzaza dzanja. Zina zinali zazing'ono ndi zopindika, koma zambiri zinali zozungulira bwino, zonenepa ngati nandolo.

Sachie anawerama n'kuziyang'anitsitsa, mpeni uli m'manja.

"Udzu wadya?"

"Akudya panopa. Akusankha, koma akudya."

"Phala mupitirize lero lonse. Apozi ayi, ngakhale akupempheni motani."

"Sindim'patsa."

"Chabwino. Tsopano chotsani zimenezo pakhomo panga, ndikuphika. Mukasambe m'manja, muvale malaya, mudzutse mwana wanu. Sitolo ya zigoba imatsegula naini koloko."